Pikapu yakale yakhala chaka osayenda: ndigule kapena ndiileke?

Bambo wina wa ku Tsangano, m'boma la Ntcheu, walemba motere:

"Ndimalima mbatata ya kachewere ndi kabichi, ndipo ndatopa n'kulipira mahayala kuti katundu akafike ku Limbe kapena ku Lilongwe. Ndapeza Toyota Hilux ya 1998, ya dizilo, injini ya 3L, ya kabu imodzi. Yakhala chaka chathunthu pakhomo osayenda. Wogulitsa akuti inali ya malemu mkulu wake, ndipo ikungofunika batire ndi tina n'tina tating'ono. Titabwereka batire inalira ndithu, koma imatulutsa utsi woyera. Mtengo womwe akunena ndi ndalama zonse zomwe ndasunga kwa zaka zitatu. Kodi ndigule? Nanga ndikagula, ndiyambire pati kukonza?"

Achimwene, mtima m'malo, maganizo anuwa si olakwika ayi. Mlimi amene akudyedwa ndi mahayala ali ndi chifukwa chomveka chofunira galimoto yakeyake, ndipo pa magalimoto akale omwe ndakhala ndikuwagwira m'galaja, Hilux ya injini ya 3L ili m'gulu la omwe sindichita nawo mantha kuuza munthu kuti agule. Ndi injini ya malita 2.8, yopanda tebo, yopanda kompyuta. Mphamvu ilibe zambiri, pa chikweza imakwawa mpaka akabaza a njinga zamoto kumakupitirirani, koma makaniko wa pa Ntcheu boma, wa pa Biwi ku Lilongwe kapena wa ku Ndirande amaidziwa mkati ndi kunja, ndipo zipangizo zake simuchita kuitanitsa kunja. Ma Hilux omwe anabwera kuyambira 2005, olembedwa D-4D aja, ndi amphamvu komanso okoma kuyendetsa, koma manozulo ake, timipopi topopera dizilo mu injini, amalamulidwa ndi kompyuta ndipo sagwirizana ndi dizilo wa m'zigubu amene timagula mafuta akasowa. Kwa munthu wokhala kutali ndi galaja ya makina oyezera, yakaleyi ndiye yoyenera.

Za utsi woyerawo tifikako. Zomwe zandiimitsa m'kalata yanu ndi ziwiri: galimotoyo ndi ya malemu, ndipo mtengo wake ndi ndalama zanu zonse. Injini ikafa imadzuka. Mapepala olakwika sakonzedwa ndi sipanala.

Tiyambe ndi mapepalawo. Musanatsegule n'komwe boneti, pemphani bulu buku, yeniyeni osati fotokope, muone dzina lomwe lalembedwamo. Ngati ndi la malemu, wogulitsayo kukhala mng'ono wake sikumupatsa mphamvu yogulitsa. Chuma cha masiye chili ndi lamulo lake, la 2011, ndipo woyenera kugulitsa ndi amene wapatsidwa chilolezo choyang'anira chumacho kudzera ku khoti kapena ku ofesi ya Administrator General. Ku ofesi ya DC angathe kukuunikirani njira yake. Funsani mosapsatira: mayi wamasiye alipo? Ana alipo? Akudziwa kuti galimoto ikugulitsidwa? Ndinaonapo pikapu itakonzedwa bwinobwino, matayala atsopano onse anayi, kenako ana a malemu n'kutulukira ndi apolisi. Wogulayo anatsala ndi malisiti a zipangizo basi. Fufuzaninso ngati galimotoyo siinaperekedwe chikole pa ngongole, kaya ku banki kaya kwa wa katapila, chifukwa nthawi zambiri mukamva zoti "bulu buku inasowa", imakhala ili m'kabati mwa wokongoza ndalama.

Mukatero, yerekezani nambala ya chesisi ndi ya injini zomwe zili m'bukumo ndi zomwe zili pa chitsulo penipeni. Pa ma Hilux amenewa nambala ya chesisi kawirikawiri imadindidwa kutsogolo, pafupi ndi tayala la kumanja. Pukutanipo matope muione ndi tochi. Ngati pamalopo pakuoneka kuti panapalidwa, panawotcheredwa, kapena manambala ena ndi aakulu ena aang'ono, tsanzikani mwaulemu muzipita. Ndalama zonse musapereke pakhomo. Mupitire limodzi ndi woyang'anira chumayo ku Road Traffic, akaione galimotoyo mu kompyuta mwawo ngati ilibe milandu kapena ngongole ya msonkho wa MRA, ndipo yotsalayo mumalize kupereka umwini ukusinthidwa. Madobadoba a pageti adzakuuzani kuti atha kukudutsitsani mwachidule. Chidule chimenecho chimathera pa rodibuloko.

Tsopano ndalama. Galimoto yomwe yakhala chaka siimafuna batire lokha, ndipo sindikunena kuti wogulitsayo ndi wabodza. Mwina iyenso sadziwa. Ikakhala choncho mphira zimauma, matayala amang'aluka m'mbali, mabuleki amagwira dzimbiri, dizilo wa mu thanki amalowa madzi, makoswe amadya mawaya ndi kumanga zisa mu bokosi la fyuluta ya mpweya. Pamwamba pa izo pali vuto lomwe linaiimitsa poyamba. Langizo lomwe ndimapereka kwa aliyense ndi loti pa ndalama zomwe muli nazo, gawo limodzi mwa magawo atatu lisapite kwa wogulitsa. Limenelo ndi lokonzera, la inshuwalansi, la COF ndi losinthira umwini. Ngati mtengo sungatsike kufika pamenepo, galimoto iyi simungaikwanitse chaka chino, ngakhale ndalama zogulira zikukwana. Mungoisamutsa kuchoka pakhomo pa eni kubwera kudzakhala pakhomo panu, nkhuku n'kumaikiramo mazira, inu mukulipirabe mahayala ndipo ndalama ya feteleza mulibe.

Funsani kuti inaimiranji, ndipo musafunse wogulitsa yekha. Oyandikana nawo nyumba, mnyamata amene ankakweza katundu, makaniko amene ankaikonza, amenewo amadziwa ngati inaima chifukwa mwini wake anadwala kapena chifukwa inawira panjira n'kubwera chokokedwa. Nkhani ziwirizi mitengo yake ndi yosiyana kwambiri.

Tsiku lokaiona mutenge makaniko wanu, osati wobwera ndi wogulitsa, ndipo mumulipire tsiku lake lonse. Mupite masana. Muyambire pansi. Gonani chagada ndi tochi ndi kanyundo, muziigogoda chesisi kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chabwino chimalira kuti nge nge. Chodyeka chimayankha mogontha ndipo chimagwetsa makoko a dzimbiri. Dekhani pamalo pomwe masipiring'i a kumbuyo amangiriridwa, ndi pomwe kabu imakumana ndi bodi ya katundu, chifukwa pikapu yomwe yakhala ikusenzetsedwa mopyola imapindikira pamenepo. Kenako imani chapatali muiyang'ane cham'mbali. Mpata wa pakati pa kabu ndi bodi uyenera kukhala wofanana kumwamba ndi kumunsi. Ukakhala wotseguka kumwamba ngati chilembo cha V, msana unathyoka kale. Mukapeza zigamba zachitsulo zowotcherera pa chesisi, kapena penti wakuda watsopano pansi pa galimoto yomwe kwina konse ndi yakuda ndi fumbi, dzifunseni kuti akubisa chiyani. Werenganinso masamba a masipiring'i mbali zonse ziwiri. Akakhala owonjezera, mwini wake ankanyamula katundu woposa muyezo, ndipo dayifu, mabering'i ndi kilatchi zinamva nawo ululu umenewo.

Dzimbiri la pa bodi ya katundu lisakuopseni kwambiri. Kuno kwathu limabwera chifukwa cha feteleza wotayikira ndi madzi a nsomba, ndipo wowotcherera wabwino amadula n'kuika lata lina. Loopsa ndi la pa chesisi, makamaka pa magalimoto omwe anachokera ku Britain, komwe amathira mchere m'misewu nthawi yozizira. Amenewo amatha kuwala kunja koma pansi atadyeka.

Za injini, muuziretu wogulitsa kuti asailize inu musanafike, ndipo mukafika igwireni ndi dzanja kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Injini ya dizilo yotopa imaulula chinsinsi chake ikakhala yozizira. Ikatentha imalira bwino ngati yanzake. Tsangano ndi kozizira, choncho utsi woyera wotuluka kwa kamphindi poliza, injini ikunjenjemera pang'ono kenako n'kukhazikika, nthawi zambiri ndi mahita, mapulagi otenthetsa injini poliza, omwe anapsa, ndipo amenewo ndi otsika mtengo. Utsi woyera wopitirira, wonunkha dizilo wosapsa ndi wowawa m'maso, umaloza ku manozulo otha, taiming'i ya pampu yosokonekera, dizilo wakale wa madzi, kapena kompuresheni yochepa, kutanthauza kuti masilinda sakupanikiza mpweya mokwanira. Koma ukakhala ngati nthunzi, wosaluma m'maso, ndipo madzi a mu rediyeta akuchepa popanda podontha, ndiye kuti madzi akulowa mu silinda. Apo ndi gasiketi yopsa kapena hedi, mutu wa injini, yong'aluka. Utsi wabuluu ndi oyilo akupsa, maring'i atha. Wakuda ndi dizilo wochuluka kapena mpweya wochepa, ndipo pa galimoto yomwe yakhala chaka ndingayambe ndayang'ana chisa cha makoswe chija.

Pali mayeso awiri osafuna makina. Injini isanalire, ikadali yozizira, tsegulani chivindikiro cha rediyeta, mudzaze madzi, kenako muilize muziyang'ana pakamwapo. Thovu lotuluka mosalekeza ngati thobwa lowira, kapena madzi olavulidwa mukaponda mafuta, ndi mpweya wa mu silinda womwe wapeza njira. Chivindikiro chimenechi musadzachitsegule injini ili yotentha, anthu apsa nacho nkhope. Chachiwiri, injini ikulira, masulani chivindikiro chothirira oyilo mungochisanjika pakamwa pake. Kuvinavina pang'ono n'kwachibadwa. Chikamakankhidwa n'kugwa, utsi ukufuka ngati pa mbaula, injiniyo ikufuna ovaholo, kuiphwasula yonse n'kuikonzanso. Onaninso kunsi kwa chivindikirocho ndi pa dipisitiki: oyilo wa dizilo amakhala wakuda bii, zimenezo n'zabwinobwino, koma akaoneka wotuwa, wosakanikira madzi, nkhani yake ndi ya hedi yomweyo.

Ndidekhe pang'ono pa nkhani ya kutentha, chifukwa injini zambiri za mtundu uwu zomwe ndazitsitsa sizinafe ndi ukalamba, zinafa ndi kuwira. Pali chizolowezi chochotsa themositati, kavavu kowongolera kayendedwe ka madzi oziziritsa injini, galimoto ikayamba kutentha, ati kuti madzi aziyenda momasuka. Kumeneko n'kubisa matenda. Chotenthetsa chimakhala rediyeta yotsekeka ndi matope a madzi a pachitsime, fani yotha mphamvu, pampu ya madzi yodyeka, kapena chivindikiro chosagwira. Makaniko wanu akapeza themositati mulibe, rediyeta ili ndi zigamba, madzi ake ofiira ndi dzimbiri, muziwerengera kuti injiniyo inawirapo, ndipo mtengo utsike molingana. Ngati mutakumana ndi pikapu ina ya injini ya 2L ya tebo kapena 1KZ, chenjerani koposa, chifukwa mahedi a zimenezo amadziwika ndi kung'aluka zikangotenthedwa.

Zonsezi zikakhala zokayikitsa, musaganizire. Pemphani kuti ipimidwe kompuresheni ndi geji ya dizilo. Chofunika si nambala imodzi, koma kuti masilinda onse anayi akhale oyandikana. Imodzi ikatsalira kutali, mwadziwa pomwe pali vuto musanalipire. Makilomita olembedwa pa dashibodi musawakhulupirire pa galimoto ya msinkhu uwu. Mphira za pa mapedulo, chiwongolero chosalala ndi mpando wobooka zimanena zoona kuposa mita.

Mabuleki akayamba agwira, iyendetseni, ndipo osati pabwalo pokha. Kwezani matumba angapo mupite pa chikweza. Ikani giya lachinayi galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, mupondetse mafuta: injini ikakwera kulira koma liwiro osawonjezeka, kilatchi yatha. Potsetsereka siyani mafuta mwadzidzidzi mu giya lililonse, muone ngati silikudumpha lokha. Mvetserani kulira kwa giya lachisanu ndi kung'ung'udza kwa dayifu kumbuyo. Pamsewu wowongoka chiwongolero chisamasewere, ndipo mukaponda buleki isamakokere mbali imodzi. Mukaima, suzumirani kuseri kwa matayala a kumbuyo. Oyilo akamatsikira pamenepo, masiilo a ekiselo atha ndipo mabuleki a kumbuyo anyowa. Diso lina likhale pa geji ya kutentha ulendo wonse.

Tinene kuti mapepala ali bwino, chesisi ndi yowongoka, mtengo watsika ndipo mwagula. Penti, wailesi ndi mipando ziiwaleni kaye. Yambani ndi zomwe zingaphe munthu. Mabuleki onse atsegulidwe, osangoti kuthira mafuta. Mapaipi a mphira otupa kapena ong'aluka asinthidwe, masilinda odontha achoke, mafuta akale atayidwe onse chifukwa amamwa madzi, ndipo pa mtsetse wautali ngati wa Khwekhwerere kapena wa Thabwa amawira, pedulo n'kulowa pansi. Handibuleki igwire. Kenako matayirodi, mabojointi ndi mabering'i a matayala. Matayala enieniwo muwerenge zaka zake: m'mbali mwake muli manambala anayi, monga 2319, kutanthauza kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala lokalamba limaphulika ngakhale mano ake akuoneka. Mugule olembedwa C kumapeto, monga 195R14C, omwe anapangidwira katundu. Matayala a galimoto yaing'ono pa pikapu yodzaza mbatata ndi ngozi yoyembekezera tsiku.

Zikatha izo, lamba wa taiming'i. Pa injini ya 3L amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse, ndipo pa dashibodi pali getsi lolembedwa T-BELT lokumbutsa, koma ambiri amangolizimitsa kapena kuchotsa babu. Poti simukudziwa kuti anasinthidwa liti, ndipo wakhala chaka atauma malo amodzi, musinthe musanapite ulendo ngakhale umodzi. Akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amawomba mavavu, ndipo ndalama yokonzera imakhala yochuluka kwambiri kuposa mtengo wa lambayo. Musinthire limodzi tenshena, kagudumu kake, masiilo a kutsogolo ndi pampu ya madzi, popeza zonsezi zili malo amodzi ndipo makaniko amasula kamodzi. Apa ndiye posayenera kuumira. Zipangizo za kaunjika zili ndi malo ake: chitseko, nyali, sitata, olutaneta, ngakhale giyabokosi yathunthu yochokera pa galimoto yochita ngozi nthawi zina imakhala yabwino kuposa yatsopano yotchipa. Koma lamba, gasiketi ya hedi, mafyuluta ndi za mabuleki zikhale zatsopano, zochokera ku sitolo yodziwika yopereka lisiti. Makatoni olembedwa Toyota ali mbwee m'misika, ndipo si onse omwe mkati mwake muli zenizeni.

Rediyeta itsukidwe kapena isinthidwe, themositati ibwerere, mapaipi ofewa achoke, ndipo muthire kulanti, mankhwala a mu rediyeta, m'malo mwa madzi okha. Thanki ya dizilo itsitsidwe itsukidwe. Fyuluta ya dizilo ili ndi kapopera kunsi kotayira madzi, ndipo dzanja lanu lizolowere kumeneko, makamaka mukathira wa m'chigubu. Oyilo wa injini ndi 15W-40 wa dizilo, kusintha pa makilomita 5,000 aliwonse pamodzi ndi fyuluta yake, poti misewu yanu ndi yafumbi. Wa mu giyabokosi ndi mu dayifu nayenso atayidwe, ndipo muone zomwe zamatirira pa bawuti yotsekera: utuchi wosalala ulibe kanthu, tizidutswa ta chitsulo ndi uthenga woipa. Mukachita zonsezi, mahita atsopano alowa, koma utsi ukadalipo, manozulo ndi pampu zipite kwa akatswiri a dizilo okhala ndi benchi yoyezera, ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Pampu isatsegulidwe pansi pa mtengo wa mango. Fumbi lochepa chabe limaiwononga, ndipo amene amaipotokola kuti "ikhale ndi mphamvu" amangokuwonjezerani utsi wakuda ndi kutentha.

Ngati mayeso aonetsa kuti injini yatopa, pali njira ziwiri. Ovaholo imayenda bwino pokhapokha buloko, kirankishafiti ndi hedi zapita ku makina kukapimidwa ndi kusulidwa. Kungoika maring'i atsopano mu masilinda odyeka kumakupatsani miyezi yochepa, kenako utsi uja wabwerera. Njira ina ndi kugula injini yathunthu yogwiritsidwapo kale ntchito, ya 3L kapena ya 5L ya malita 3.0 yomwe ndi ya banja lomwelo. Imafulumira, koma mukugula chinthu chomwe mbiri yake simuidziwa, choncho muimve ikulira musanalipire, mulembetsane za masiku oibweza ikavuta, mutenge lisiti yokhala ndi nambala ya injiniyo, ndipo mukalembetse kusinthako ku Road Traffic. Ine ndimakonda ovaholo yochitidwa mwadongosolo pa buloko yomwe sinang'aluke, chifukwa pamapeto mumadziwa chilichonse chomwe chili mkatimo.

Ikayamba kuyenda, mayesero adzakhala pa katundu. Pikapu imeneyi inapangidwira pafupifupi tani imodzi, kutanthauza matumba 20 a makilogalamu 50, kuphatikizapo anthu omwe akwera. Matumba a mbatata osokerera mutu aja inu mukudziwa bwino kuti salemera 50. Anzanu adzakuuzani kuti muwonjezere masamba a masipiring'i. Masambawo amaletsa bodi kukhala pa matayala, koma mabuleki, ekiselo ndi chesisi zimakhala zomwezija. Potsika mapiri muzitsika ndi giya lomwe mungakwerere, lachiwiri kapena loyamba, osati kudalira phazi. Za matola pobwerera, muyambe mwafunsa a inshuwalansi kuti pepala lanu likuteteza ndani, chifukwa anthu olipira okwera kumbuyo kwa galimoto ya katundu kawirikawiri sawerengedwa, ndipo ngozi ikachitika mlandu wonse umagwera mwini galimoto.

Ndiye yankho langa ndi ili, achimwene: pa mtengo womwe wanenedwawo, musagule. Bwererani ndi makaniko wanu, mupemphe zinthu zitatu, chilolezo chogulitsira chuma cha malemu, kupima kompuresheni, ndi kupitira limodzi ku Road Traffic. Wogulitsa akakana chimodzi mwa izi, kapena akayamba zoti pali wina akubwera ndi ndalama mawa, musiyireni winayo. Akavomera, lembani pa pepala mtengo wa matayala, batire, mabuleki, lamba, rediyeta ndi zomwe makaniko wapeza, mumuonetse, kukambirana kuyambire pamenepo. Ngati abale a malemu sakumvana okhaokha, kaonaneni ndi loya kapena a ku ofesi ya DC musanapereke ngakhale ya chikole. Mukapima kompuresheni, nditumizireni manambala a masilinda onse anayi ndi chithunzi cha chesisi pomwe pamangiriridwa masipiring'i a kumbuyo, tidzaunikire limodzi.